Mbuzi ya Chipepeso

M'kalasi mwathu munali benchi limene tinkalitcha la kukhomo. Linali kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko chopindika chimene sichinkatsekeka, moti mphepo ya mwezi wa Juni inkayamba yapereka moni kwa okhala pamenepo isanafike kwa ena onse. Analikhazika pamenepo ndi aphunzitsi a masamu. Lachisanu lililonse ankatipatsa mayeso, Lolemba n'kutikhazika motsata malikisi: wokhoza kwambiri kutsogolo pafupi ndi bolodi, enafe kumatsetsereka chammbuyo. Atatu otsiriza ndiwo ankakhala pa benchi la kukhomo. Lamulo lake aliyense ankalidziwa. Mayeso otsiriza chaka akakupeza uli pamenepo, iwe n'kulepheranso masamu, unkapinda bulangete lako n'kuuyamba wa kwanu. Zobwereza kalasi kunalibe. Malo anali ochepa, ana owalirira ali mbwee m'maboma onse.

Ine ndinali mu Sitandade 7, pamene sekondale inkayambira masiku amenewo, pa sukulu yogonera komweko ya amishoni. Kwathu ndi kufupi ndi Tsangano, ulendo wa masiku awiri wapansi. Chingerezi ndinkachitha, mbiri yakale ndinkaitha, koma masamu aja osakaniza manambala ndi zilembo ankandizungulitsa mutu. Teremu yoyamba ndinali pakati. Yachiwiri ndinatsetsereka. Pofika yachitatu benchi la kukhomo linali litazolowera matako anga.

Kubwerera kumudzi sikunali kubwerera kokalima mbatata ayi. Mnyamata wa msinkhu wanga akasiya sukulu, msewu unali umodzi: lole ya olemba anthu a ku migodi ya ku Joni. Msonkho unkakupeza, akulu ankakuyang'ana, iwe wekha n'kukakwera. Abambo anapitako maulendo anayi. Ulendo womaliza anabwera ndi sutikesi yachitsulo, jasi lalitali, ndi chifuwa. Chifuwa chake chinkamveka uli ku chibaya ukutsekera ng'ombe. Tsiku limene ndinkanyamuka kupita kusukuluko anandigwira pamkono nati, "Ine ndinalowa pansi kuti iwe usadzalowemo. Wamva?" Ndinati ndamva.

Aphunzitsi a masamuwo ndiziwatchula mwaulemu chifukwa ndinaleredwa, osati chifukwa ndinawakhululukira. Anali munthu wochepa thupi, wa malaya oyera osasowa tayi, wakuda ngati ife tomwe. Sankamenya. Ichi ndicho chinkatiopsa. Aphunzitsi ena ankakuthyapa ndi ndodo, iwe n'kulira, nkhani n'kutha. Awa ayi. Mawu sankakweza. Asanawerenge malikisi ankatulutsa kampango m'thumba n'kumapukuta choko chala chimodzichimodzi, ife tili zii, kenaka n'kuyamba kutchula kuchokera pamwamba. Akamayandikira kumapeto ankachedwetsa dala, ngati munthu wosafuna kuti nyama ithe msanga m'mbale. Ndipo ankadziwa kwawo kwa mwana aliyense, ndi ntchito ya bambo wake.

"Mnyamata wa ku Tsangano, taimirira. Kwanu mumaweta ng'ombe?"

"Inde, aphunzitsi."

"Madzulo zikamalowa mumaziwerenga, kapena mumangoona fumbi n'kunena kuti zakwana?"

Kalasi inkaseka. Ena ankaseka osafuna, poopa kuti akapanda kuseka mawa akhala iwo.

Musaganize kuti ndinangokhala manja lende. Ndinali ndi mnzanga wa ku Sharpevale, wa mutu wakuthwa, amene ankakhala benchi lachiwiri kuchokera kutsogolo. Masana ena akamakankha mpira, ife tinkakhala kuseri kwa tchalitchi kumene kunkawomba dzuwa, iye n'kumandilembera masamu pansi ndi kamtengo. Pang'onopang'ono zilembo zija zinayamba kumva. Kutatsala masabata atatu kuti mayeso otsiriza ayambe, ndinalemba mayeso a Lachisanu ndipo kwa nthawi yoyamba ndinatuluka mtima uli m'malo. Tinafananitsa mayankho ndi mnzangayo: asanu ndi awiri mwa khumi anali ofanana ndi ake.

Lolemba aphunzitsi anapukuta zala zawo, nayamba kutchula. Anadutsa pakati, ine osamveka. Anafika kumapeto. Ndinali wachiwiri kuchokera pansi.

Ndinaimirira osauzidwa. "Aphunzitsi, mayankho anga ngolondola."

"Mayankho ngolondola," anavomera. "Nanga njira ili kuti? Yankho lopanda njira ndi katundu wakuba. Ndidziwa bwanji kuti sunatole kwa mnzako?"

"Ali kutsogolo, ine ndili kukhomo. Ndikanatola ndi chiyani, mbedza?"

Wina anatsamwa ndi phwete. Aphunzitsi anapinda kampango kawo bwinobwino, nakabwezera m'thumba.

"Usavutike mtima, mwana wanga. Kumene ukupitako safunsa masamu, amangofuna msana. Ukafunse abambo ako akakuuze, ngati chifuwa chingawalole kumaliza mawu."

Zimene zinachitika ndimazikumbukira ngati ndinkaonera munthu wina. Pa desiki panali kabotolo ka inki. Ndinakaona kali m'malere. Sikanawagunde, kanaphulikira pa bolodi pambali pa mutu wawo, koma inkiyo inawaza malaya oyera aja kuyambira pa kolala mpaka pa thumba. Inki ina inkadontha pansi. Iwo anayang'ana malayawo nthawi yaitali. Kenaka, ndi mawu omwe aja osakwera, anati, "Pita ukatenge mkulu wakwanu."

Ndinayenda masiku awiri ndi mawu amenewo m'makutu. Abambo sakanatha kuyenda ulendo wotero, ndiye nkhani inagwera abambo aang'ono, mng'ono wawo, munthu amene sanapondepo m'kalasi koma wodziwa kukonza milandu mudzi wonse. Tinakhala pansi pafupi ndi chibaya, ndinafotokoza zonse osabisa. Nditafika pa mawu a chifuwa aja, abambo anangoyang'ana kumbali.

"Zimene ananenazo n'zoipa," anatero abambo aang'ono. "Koma wagenda munthu wamkulu pamaso pa ana. Wolakwa ndiwe. Ndipo kopepesa sapita chimanjamanja."

Kwathu mwambo wake unali wotere. Ukalakwira munthu wamkulu, akwanu ankatenga chiweto n'kukagwira mwendo. Wolakwiridwayo akalandira, ankachipha tsiku lomwelo, mbali zonse ziwiri n'kudya, mwendo umodzi wa nyamayo n'kubwerera kwa opepesa. Zikatero mlandu wafa, ndipo woutchulanso ndiye ankasanduka wolakwa. Akakana, ankachibweza dzuwa lisanalowe, inu n'kudziwa pamene mwaima, n'kukafuna anthu ena okuyankhulirani. Njira zinali ziwiri basi. Yachitatu sindinaimvepo.

Anasankha mbuzi yofula, yakuda, ya banga loyera pamphumi, yonenepa kuposa zonse m'khola.

"Bambo," ndinatero, "kusukulu sizitero. Mayeso ali pafupi. Anthu adzaona ngati..."

"Ngati chiyani?" anandidula abambo aang'ono. "Aphunzitsi akowo anabadwira m'buku? Alibe kwawo? Iwe tseka pakamwa. Pakamwa pakopo ndi dzanja lakolo ndi zimene zatidyera mbuzi."

Ndinatseka. Ndimadziimba mlandu pa zinthu zambiri, koma pa kutseka pakamwa kwa tsiku limenelo ndiye kwambiri, chifukwa ndi tsiku lokhalo limene ndinkanena zoona.

Tinagona kwa achibale ku Mlangeni, n'kufika pasukulu Loweruka m'mawa. Tsoka lake, Loweruka linali tsiku lochapa. Anyamata onse anali panja, kuyanika malaya pa udzu, ndipo onse anaona: mkulu wovala jasi la ku Joni wopanda nsapato, ine pambuyo pake, pakati pathu mbuzi ikukoka chingwe. Nyumba ya aphunzitsi inali poonekera, kutsidya kwa bwalo la mpira, moyang'anana ndi kalasi yathu. Tinawapeza pakhonde akuchonga makope.

Abambo aang'ono anasiya chibonga chawo kunja kwa bwalo, navula chipewa, nanjuta pansi n'kuwomba m'manja. Ine ndinagwada pambali pawo. Munthu wa imvi, amene mafumu ankamuitana kuti adzawathandize kuweruza, ananjuta pa fumbi pamaso pa munthu wosafika msinkhu wa mng'ono wake.

"Aphunzitsi, tabwera kudzagwira mwendo. Mwanayu ndi wanu. Mwana akakuipitsira pantchafu sudula mwendo, umangopukuta. Watichititsa manyazi tonse. Kanthu aka n'kochapira malaya aja."

Aphunzitsi sanadzuke. Anayang'ana mbuzi, nayang'ana kutsidya kumene anyamata anaima ndi malaya onyowa m'manja.

"Mukudziwa kuti mayeso ayamba posachedwa, bambo?"

"Za mayeso ife sitizidziwa. Ife tabwerera ulemu wanu."

Aphunzitsi anasiya kuchonga. Kenaka analoza ndi cholembera mtengo wa pichesi umene unali pakona pa bwalo, wopanda tsamba ndi limodzi lomwe chifukwa cha chisanu.

"Imangeni apo. Mnyamatayu Lolemba alowe m'kalasi."

Abambo aang'ono anawomba m'manja mokondwa. Tinamanga mbuzi, n'kukhala pansi pa mtengowo kudikira mpeni. Dzuwa linafika pamutu. Linapendeka. Aphunzitsi anamaliza makope awo, nalowa m'nyumba, natseka chitseko. Mpeni sunabwere, ndipo mawu oti tengani mbuzi yanu sanabwerenso. Abambo aang'ono anayamba kutembenuzatembenuza chipewa m'manja.

"Kapena ali ndi alendo mawa," anatero, osandiyang'ana. "Akaipha, mwendowo udye ndi anzako. Unditumizire mawu."

Ananyamuka dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Atafika pokhota njira anacheuka kawiri.

Lolemba ndinabwerera pa benchi langa. Chitseko chosatsekeka chija chinkasiya mpata wokwana dzanja, ndipo pampatapo ndinkaona mtengo wa pichesi ndi mbuzi. Aphunzitsi sananene chilichonse za inki. Banga linali likadali pa bolodi, iwo n'kumalemba molizungulira. Belu litalira anandiimitsa pakhomo.

"Mlendo wako uja ali ndi njala. Uzimudyetsa ndiwe."

Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse, chifunga chili khathi, ndinkatsikira kudambo kukathyola masamba, n'kudutsa nawo pabwalo anyamata ali pamzere wa phala. Mawu ankandipeza ndisanafike.

"A Tsangano! Mwendo umodzi ukugula malikisi angati?"

"Ine ndili ndi tambala kwathu, akwana pa jogalafe?"

"Meee! Aphunzitsi, onjezani awiri, meee!"

Mmodzi ndinamupeza yekha kuseri kwa khitchini, ndinamuthyola dzino. Sanakanene, chifukwa akanafunsidwa chimene anayankhula. Mpaka lero sindimva naye chisoni. Koma kumenya munthu mmodzi sikutseka pakamwa pa sukulu yonse. Ngakhale mnzanga wa ku Sharpevale anayamba kuchita mantha kukhala nane kuseri kwa tchalitchi. "Achimwene, pempha aphunzitsi aibweze mbuziyo," anandinong'oneza. "Ikudyera pamutu pako." Ndinapitadi. Ndinawapeza akupopa njinga yawo, ndinagwada, ndinati ngati sakuifuna ndipeze munthu aiperekeze kwathu.

"Ndanena kuti sindikuifuna?"

"Ndiye muipha liti, aphunzitsi?"

"Ndanena kuti ndiipha?" Anapitiriza kupopa. "Pita ukawerenge. Uzionetsa njira."

Tsiku lina tili m'kalasi ya Chingerezi ndinasuzumira pampata paja, ndinaona mzungu, mkulu wa sukulu, ataima pa mtengo wa pichesi manja ali kumbuyo. Aphunzitsi a masamu anali pambali pake akufotokoza kanthu. Mzunguyo anayang'ana mbuzi, kenaka anatembenuka n'kuyang'ana kukalasi kwathu, pa chitseko penipeni. Ndinabweza mutu.

Mbuzi inayamba kuonda. Masamba a m'chisanu sakhutitsa, komanso mbuzi yozolowera anzake siidya bwino ili yokha. Inkazungulira mtengo mpaka chingwe kufupika, khosi n'kukanirira pa thunthu, ndiye n'kumalira mpaka wina akaimasule. Makungwa a pichesi inakungudza onse mpaka pamene inkafikira.

Pa tsiku la mayeso a masamu inadzikolanso. Titangotembenuza mapepala inayamba kulira, kulira kosalekeza, kosasa mawu. Mitu ingapo inacheukira kwa ine. Aphunzitsi ankayendayenda pakati pa madesiki, nsapato zikulira pang'onopang'ono, ndipo sanatume munthu kukaimasula. Ndinatseka khutu limodzi ndi dzanja lamanzere, ndinalemba ndi lamanja. Njira ndinaonetsa yonse, mzere ndi mzere, ngakhale pamene mwana wa Sitandade 3 sakanafunsa. Potuluka ndinadziwa kuti sindinachite zodabwitsa, koma ndinadziwanso kuti sindinagwe kutali.

Zotsatira anatiwerengera tsiku lotsekera. Chingerezi ndinali wachitatu. Mbiri yakale wachisanu. Masamu ndinaperewera malikisi awiri. Awiri okha. Anzanga awiri a pa benchi la kukhomo, mmodzi anapulumuka, mmodzi anagwa kutali moti sanadandaule n'komwe. Mayina a opita kwawo osabweranso anatchulidwa pamapeto, ndipo langa linali loyamba.

Anyamata akumanga katundu, mwana wa aphunzitsi anabwera kudzandiitana. Ndinawapeza pakhonde pomwe paja, pepala langa lili pamwendo. Ulendo uno sindinagwade.

"Taona funso lachisanu ndi chimodzi," anatero. "Njira yonse ili bwino. Waphonya pa mzere womaliza, wachotsa m'malo mophatikiza. Funso lotere ndimapereka theka. Atatu m'kalasi mwanu ndawapatsa."

"Ndiye theka langa lili kuti?"

Analoza ndi chibwano ku mtengo wa pichesi.

"Sukulu yonse yaiona. Mzungu waiona, wandifunsa kawiri. Ukanakhoza pawekha, moonekeratu, palibe akanatsegula pakamwa. Koma uli pamalire. Ndikakukankha ine, mawa kumveka kuti mphunzitsi wakuda amagulitsa malikisi ndi mbuzi. Ntchito ino sindinaitole panjira."

"Bwanji simunaibweze tsiku lomwe lija?"

"Ndibweze mkulu wa imvi ndi mbuzi yake ana onse akuona? Akanayenda bwanji m'mudzi?"

"Bwanji simunaiphe?"

"Ndikanaipha, bwenzi tikuchoka tonse pasukulu pano."

"Ndiye mwambo mumaudziwa."

"Ndimaudziwa kuposa iwe."

Anthu amene ndawafotokozera nkhaniyi ena amati munthuyo anapanikizika, anagwidwa pakati pa kwawo ndi kwa azungu, ndimumvetse. Zamkutu. Anali ndi masabata awiri. Akanatha kutuma munthu kuiperekeza mwakachetechete, ndi mawu abwino kwa abambo aang'ono. Ndinawapempha ndekha, ndili chogwada. Anaisunga pamtengo paja, poonekera, mpaka inawapatsa chifukwa chimene ankachifuna. Sekondale ndinadzaimaliza pa makalata ndili ndi ndevu kale, ndipo masamu omwewo ndinakhoza, koma zimenezo sizibweza kanthu.

Ndinawayang'ana. Malaya anali ena, oyera mbee. Pafupi ndi phazi langa panali njerwa yotsekera chitseko, ndipo ndinaiona bwinobwino. Iwonso anaona kuti ndaiona. Sanasunthe.

"Masula mbuzi yako," anatero. "Dzuwa likupita."

Ndinaimasula. Chingwe chinali chitadya ubweya wonse m'khosi, pakhungu pali chilonda chozungulira. Panjira inkagwa kawirikawiri, moti mapiri ena ndinaisenza pamapewa, bulangete ndi mabuku zili kumsana. Kwa achibale a ku Mlangeni sindinapatuke. Ndinagona m'chisakasa cha m'munda mwa munthu, m'mawa n'kupitirira.

Ndinalowa m'mudzi masana. Amayi anali pa mtondo. Ataona mbuzi anaimika munsi. Palibe anandifunsa za mayeso. Chiweto cha chipepeso chikabwerera chamoyo, chafotokoza kale zonse. Abambo aang'ono anatuluka m'nyumba mwawo, nalandira chingwe m'manja mwanga, nagwada kuyang'ana chilonda cha m'khosi chija. Anachisisita ndi chala nthawi yaitali.

"Masiku onsewa inali pamtengo pomwe paja?"

"Pomwepo, bambo."

"Sanaiphe, sanaibweze." Anapukusa mutu. "Unanena, mwanawe. Ine sindinamve."

Abambo anali pamphasa kuseri kwa nyumba, kumene kunkafika dzuwa, atafunda jasi lawo. Ndinakhala pansi patali pang'ono. Ndinkayembekeza kuti akalipa, kapena andikumbutsa zimene anandiuza ponyamuka. Anatsokomola mpaka misozi, napuma, kenaka anandikodola kuti ndisendere.

"Tamvera," anatero. "Akakufunsa ngati umadziwa kulemba, unene kuti inde, mokweza, kapena angakuike pamwamba. Akakutsitsa pansi, upeze kansalu, uzikanyowetsa n'kumanga pakamwa, ngakhale anzako akuseke. Pobowola mwala usalole kubowola pouma, ngakhale kapitawo akutukwane. Ndipo mwala ukayamba kulankhula pamwamba pako, kuti tse, tse, ngati nkhuni zikuthetheka, usayang'ane m'mwamba, usatole fosholo. Uzingothawa."

Anandibwerezetsa zonse, chimodzichimodzi, mpaka anakhutira.

Patapita miyezi iwiri ndinali pamzere ku boma pamodzi ndi anyamata ena, tonse tili maliseche. Anatikweza pa sikelo, natiyang'ana m'kamwa. Dokotala anandiika kachitsulo kozizira pamtima, nati ndipume mwamphamvu, ndipumenso. Anagogoda kumsana ndi zala ziwiri, namvetsera, nagwedeza mutu kwa kalaliki wake. Kalalikiyo anandigwira chala chachikulu kuti achiviike mu inki. Ndinati ndimadziwa kulemba, mokweza, monga anandiuzira abambo.

"Onse amatero," anatero kalalikiyo, nadinda chala changa papepala. "Lole inyamuka Lachinayi. Wotsatira!"